Arp 220 akupangiranji nyenyezi zambiri chonchi?

Tcheya_wa_Mpoto:
Anzanga ndithandizeni apa. Akuti mlalang'amba wa Arp 220 umapanga nyenyezi zoposa 100 pachaka pomwe Milky Way wathuyu ndi imodzi kaya ziwiri basi, komanso kuwala kwake kwambiri kuli mu infrared, maso sangakuone. Ndiye vuto ndi malo omwe uliwo kapena unangobadwa choncho?

mai_a_Thoko:
Achimwene Arp 220 si mlalang'amba umodzi ayi, ndi iwiri yomwe inagundana ndipo ikusakanikirana mpaka pano. Ikagundana choncho gasi yense amathamangira pakati nkuthinana, nyenyezi nkuyamba kubadwa mwa nkhaninkhani, koma pakatipo pali fumbi lambiri ndiye fumbilo limameza kuwala kwa nyenyezi zatsopanozo, limatentha, kenako limatulutsa infrared. Nchifukwa chake anthu anazindikira ukali wake telesikopu yoona infrared yotchedwa IRAS itapita kumwamba mu 1983, pa telesikopu wamba sumaoneka woopsa choncho.

Tcheya_wa_Mpoto:
Zikomo mayi. Ndiye kuti komwe milalang'amba yadzadzana kwambiri nkomwe kuli yotereyi yambiri eti?

Gama88:
Ayi akulu, pamenepo ndi pomwe zimasokoneza. Tengani chigulu cha Coma, muli milalang'amba yoposa 1,000 koma yambiri ndi yofiira, inasiya kalekale kupanga nyenyezi. Mmenemo imathamanga pafupifupi makilomita 1,000 pa sekondi, imangodutsana, siipeza mpata wogwirana. Komanso pakati pake pali gasi wotentha kwambiri, mlalang'amba ukalowamo gasi wake wozizira amauluzika ngati mankhusu pa lichero, asayansi Gunn ndi Gott anafotokoza zimenezi mu 1972. Sakani chithunzi cha mlalang'amba wa ESO 137-001 muone mchira wa gasi womwe ukusiya kumbuyo, ine chimandikhudza kwabasi chifukwa mumchiramo mukubadwabe nyenyezi pomwe mwini wake akuuma. Kugundana kwenikweni kumachitika mmagulu ang'onoang'ono momwe liwiro ndi lochepa.

mai_a_Thoko:
Zoona Gama koma zimenezo ndi za lero. Kale, zaka 10 biliyoni zapitazo, zigulu zimenezi zisanakhwime, malo othinanawo ndi omwe munali milalang'amba yafumbi yambiri yopanga nyenyezi mothamanga, mozungulira mlalang'amba wotchedwa Spiderweb asayansi anaipeza yochuluka. Gasi anali wambiri nthawi imeneyo, moti ina inkawala choncho osagundana nkomwe.

Tcheya_wa_Mpoto:
Eeh ndiye yofiira ya mu Coma ija mwina nayonso inali ngati Arp 220 pa utsikana wake? Gama tandiyankheni pamenepo.