Anatibera ndi mfuti m'golosale, pano abale a wakubayo akuti ndilandire ng'ombe nkhani ithe. Nditani?

Abale anga a m'gulu lino, ndithandizeni nzeru. Ndapempha oyang'anira gulu kuti asaonetse dzina langa chifukwa nkhaniyi ili kukhoti, komanso kuno tonse timadziwana.

Ndili ndi golosale m'mbali mwa msewu wa M1, pakati pa Nchalo ndi Ngabu. Ndimagulitsa shuga, sopo, mafuta ophikira ndi zina zing'onozing'ono, komanso ndine ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba. Amene mumachidziwa Chigwa cha Shire mukudziwa kuti nyengo yotentha munthu sayenda masana. Malonda athu ndi a madzulo, dzuwa likapepa mpaka cha m'ma 8 koloko, makamaka kumapeto kwa mwezi ogwira ntchito m'minda ya nzimbe akalandira.

Tsikulo magetsi anali atazima, ndinayatsa kanyali ka sola. M'golosale munali mayi wina wobereka khanda amene ndimamuyezera mafuta, ndi agogo ena aamuna amene anabwera kudzatapa ndalama zomwe mwana wawo anawatumizira. Ndinangomva njinga yamoto yaima pakhomo. Analowa atatu, nkhope atakulunga nsalu, mmodzi ndi mfuti, awiri ndi zikwanje. Anati tonse tigone pansi. Mayi uja anamasula mwana n'kumugonera pamwamba ngati nkhuku yofungatira anapiye, mafuta aja n'kutayikira pa chitenje chake. Agogo aja mawondo ndi ovuta, anachedwa kugwada, ndiye anawamenya ndi chikwanje m'mutu. Magazi awo ndinakolopa ndine m'mawa mwake, ndipo mpaka lero pa simenti pali banga.

Anatenga ndalama zonse za m'dirowa, mafoni awiri a ntchito ndi ndalama za agogo zimene ndinali nditangowawerengera. Koma mmodzi wa a zikwanje ndinamudziwa mawu. Ndi mnyamata wa kabaza amene kwa zaka ziwiri wakhala akundinyamulira makatoni, wadyapo nsima pakhomo panga. Ndinakanena kupolisi, anamugwira patatha masiku anayi, ndipo foni imodzi inapezeka kwa munthu amene anamugulitsa. Anzake awiri aja ndi mfuti sizinapezeke.

Pano watuluka pa belo. Ndimamuona akudutsa. Sabata yatha amalume ake anabwera ndi a nyakwawa, akuti mwana analakwa, ndilandire ng'ombe imodzi, alipiranso zonse za kuchipatala za agogo, ine ndikangonena kukhoti kuti mumdima sindinaone bwino. Kunena zoona ng'ombeyo ndikuifuna, chifukwa ndalama zimene zinabedwa zambiri zinali ngongole ya ku banki m'khonde ndipo amayi anzanga akundiyang'ana. Kwinaku anyamata a pamsika akuti ndingowauza, tayala ndi petulo zilipo. Makasitomala nawo anasiya kubwera kukada. Mayi wa mwana uja amatuma mwana wamkulu masana, iye sanapondemonso.

Kodi lamulo limalola kuti ndithetse nkhaniyi kumudzi? Ndikakana, ndi ndani anditeteze? Nanga ndichite chiyani kuti anthu azigula mwanga opanda mantha?

Bambo wa ku Dyeratu: Mayi, inu mukuchedwa. Munthu wa mfuti angatuluke bwanji ngati sipanadutse kenakake? Asiyeni anyamatawo agwire ntchito. Mbava ikapsa imodzi, dera lonse limagona tulo chaka chathunthu.

Mayi wa ku Nsanje: Achimwene a ku Dyeratu, mawu amenewo musamalembe pagulu. Ife kuno mu Malichi 2016 anthu asanu ndi awiri anaotchedwa powaganizira kuti anali ndi mafupa a anthu. Palibe khoti limene linamva mbali yawo, ndipo manyazi ake tikuwasenzabe. Ndiponso taganizani, mnyamatayo akafa, ndani atchule awiri aja? Ndani anene kumene kuli mfuti? Mukhala mwaotcha umboni, ndipo mlandu wakupha ugwera mayi yemweyu chifukwa aliyense adzati analoza chala ndi iye.

Wothandiza anthu pa za malamulo, Chikwawa: Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zinakuonekerani. Ndiyankha motalikirapo chifukwa pali zinthu zimene a nyakwawa mwina sanakuuzeni.

Mlanduwu si wanu, ndi wa boma. Inu ndinu mboni. Malamulo a milandu ya upandu, ndime 301, amati wakuba moopseza akhoza kukhala kundende zaka 14. Koma ngati anali ndi chida choopsa, kapena anali ndi anzake, kapena anavulaza munthu, chilango chimafika pa moyo wonse kundende, ngakhale imfa imene, ngakhale kuti dziko lino silinanyongenso munthu chichokere 1992. Pa nkhani yanu zitatu zonsezi zilipo. Zoti iye anagwira chikwanje, mfuti anagwira mnzake, sizimupulumutsa, poti anabwera ndi cholinga chimodzi. Milandu imene khoti limalola kuti anthu akagwirizane kunja ndi ing'onoing'ono, monga kukankhana pa mkangano. Uwu suli m'gulu limenelo. Kulandira katundu kuti mubise mlandu waukulu ndi mlandu pawokha, ndipo kukanama mutalumbira ndi mlandu winanso. Ng'ombe imeneyo ikhoza kukulowetsani inuyo m'chitokosi.

Za belo, ndikumvetsa kuti zikuwawa, koma kutuluka sikutanthauza kuti mlandu watha kapena kuti wina wadya ndalama. Ndime 42 ya malamulo aakulu a dziko lino imati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo akhoza kutulutsidwa podikira mlandu pokhapokha ngati kutero kungasokoneze chilungamo. Apa ndi pamene pali mphamvu yanu. Munthu wa pa belo saloledwa kunyengerera kapena kuopseza mboni, kaya yekha kaya kudzera mwa abale. Pitani kwa wapolisi woimira boma pa mlanduwu, mukamuuze tsiku limene amalumewo anabwera, amene analipo ndi mawu amene ananena. Iye akhoza kupempha khoti kuti belo ilandidwe. Mukakhala ndi mantha kupita nokha, yambirani ku ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit, imapezeka m'mapolisi athu. Mukaona kuti sakukuthandizani, pali bungwe loima palokha la Independent Complaints Commission lolandira madandaulo okhudza apolisi.

Za ndalama zanu, khoti lili ndi mphamvu yolamula kuti katundu wopezeka abwezedwe kwa mwini wake, ndiponso kuti wolakwa alipire amene anamuvulaza. Mukapemphe kudzera mwa woimira boma yemweyo. Ngati banjalo lili ndi ng'ombe yopereka, iperekedwe pamaso pa majisitireti, osati usiku pakhonde panu.

Wofunsa: Zikomo bambo, zoti kubwera kwa amalume kuja n'kuphwanya belo sindimadziwa. Koma mundimvetse. A nyakwawa ndi amene anandipatsa malo pamene pali golosaleyo. Maliro akandigwera ndidzagogoda kwa iwo omwewo. Mayi ake a mnyamatayu timapemphera mpingo umodzi, Lamulungu lapitali anandigwira dzanja n'kumangolira osanena kanthu. Inu mukamaliza kulemba muzimitsa foni, ine ndikhala nawo anthu amenewa mpaka imfa.

Wothandiza anthu pa za malamulo, Chikwawa: Ndikumva mayi. Simukuyenera kukangana ndi a nyakwawa. Auzeni mwaulemu kuti nkhaniyi inachoka m'manja mwanu tsiku limene inalembedwa kupolisi, ndipo mwauzidwa kuti mukasintha mawu mumangidwa ndinu. Zimenezi ndi zoona, ndipo iwonso akudziwa kuti mlandu wa mfuti suweruzidwa pabwalo la mfumu.

Mwini shopu, Bangula: Achemwali, ine anandithyolerapo kawiri, ndiye ndinena za funso lanu lachitatu. Chimene chimakoka mbava si shuga, ndi ndalama za ejenti. Aliyense amene waima pamzere amaona mukuwerenga ma K5,000. Ine ndinasiya kutapitsa ndalama 5 koloko ikakwana, ndinalemba pachitseko ndi choko, ndipo anthu anazolowera. Ndalama zikachuluka masana ndimakazisintha kukhala za mufoni kapena kukasiya kubanki, nthawi zosiyanasiyana, osati ndi wa kabaza mmodzi yemweyo tsiku lililonse. Pepani kunena, koma mnyamata wanuyo ankadziwa tsiku limene dirowa imadzaza chifukwa ankakhala pafupi nanu.

Kukada ndimatseka chitseko n'kumagulitsira pawindo la zitsulo, kunja kuli babu la sola lowala mpaka kumsewu. Ubwino wake ngwakuti ogula sakhala otsekeredwa m'chipinda chimodzi ndi achiwembu, akhoza kuthawa. Tinasonkhanso eni mashopu asanu n'kulemba alonda awiri, aliyense ali ndi wezulo, ndipo timagwirizana ndi a chitetezo cha m'mudzi. Nambala ya apolisi ya 997 isungeni, koma musungenso ya wapolisi wa pafupi amene mukumudziwa. Ndipo wantchito wanu mumuuze kuti mfuti ikalowa apereke zonse, asayang'ane munthu kumaso, asakuwe mpaka atapita.

Mphunzitsi wopuma, Ngabu: Mwana wanga, ine chikundidetsa nkhawa ndi mfutiyo. Ife tinaona nkhondo ya ku Mozambique, othawa kwawo atadzaza Nsanje ndi Chikwawa, mpaka inatha mu 1992. Mfuti zina za nthawi imeneyo sizinabwerere kumene zinachokera, ndipo malire athu mukuwadziwa, munthu amaoloka pa bwato kapena kudutsa m'munda. Mfuti imene inalowa mwanu ikadali m'manja mwa anthu. Mukanena kuti simunaone bwino, mnyamatayo amasuka, anzake aja apuma, ndipo mwezi wa mawa ikalowa m'shopu ya wina nthawi yogulitsa thonje. Mwina kumeneko sikadzakhala chikwanje cha m'mutu chokha.

Mayi wa ku Nsanje: Zikomo aphunzitsi. Ndiponso ine ndifunse, agogo amene anakhetsa magaziwo alipo amene wawafunsa? Nanga mayi wa khanda uja? Ng'ombe akupatsa inu, koma amene anamenyedwa ndi wina.

Mnyamata wa kabaza, Nchalo: Amayi, chonde musatione tonse ngati akuba. Chichitikireni nkhani ngati zimenezi anthu akumatikana madzulo, ena akumatiloza zala. Ife pa siteji yathu tili ndi kaundula, aliyense dzina, mudzi ndi nambala ya njinga. Wapampando wa siteji ya mnyamatayo ayenera kuti akudziwa amene ankayenda naye masiku amenewo. Apolisi akamufunse.

Bambo wa ku Dyeratu: Zonsezo ndamva, koma mudzandiuza mlandu ukadzayamba kusinthidwa masiku mpaka mboni zitatopa.

Wothandiza anthu pa za malamulo, Chikwawa: Kusinthasintha masiku kumachitikadi bambo, ndipo milandu yambiri imafera pomwepo mboni zikasiya kubwera. N'chifukwa chake mayiwa asamapite okha. Eni mashopu anzawo azisinthana kuwaperekeza, wina azitsala akuyang'anira golosale.

Wofunsa: Amayi a ku Nsanje, funso lanu landilasa. Ndinali ndisanawafunse. Lero m'mawa ndatseka golosale n'kupita kwa agogo aja. Ndawapeza pansi pa mtengo wa nimu, bala linapola koma akuti mutu umawaombabe dzuwa likakwera, ndipo khutu la kumanzere silikumva bwino. Ndawafotokozera za ng'ombe. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati ndalama zija zinali zogulira malata, chifukwa nyumba yawo inagwa ndi madzi a namondwe wa Freddy mu 2023 ndipo mpaka pano akugona m'kachisakasa. Ati kwa iwo sikunabwere munthu aliyense kudzapepesa, ngakhale amalume akewo. Ati tsiku la khoti ndidzawatengere pa njinga, akaonetse chipsera chawo kwa majisitireti.

Ndiye Lolemba ndikupita kwa woimira boma kukanena za ulendo wa amalume uja. A nyakwawa ndikawauza mawa ndekha, ndisanapite, kuti asadzamvere kwa ena. Mantha ndili nawobe, usiku ndikumagona kwa mchemwali wanga ndi ana. Amayi a ku banki m'khonde ndakumana nawo, avomera kuti ndizibweza pang'onopang'ono mpaka miyezi isanu ndi umodzi.

Achimwene a ku Bangula, windo la zitsulo lija munawotcheretsa kwa ndani, ndipo linakudyerani zingati? Ndilembereni ku inbox kudzera kwa oyang'anira gulu, ndikufuna ndiliike mwezi usanathe.