Ndinamatitsa dzino koma madzi ozizira akundichita ngati shoko

Membala wobisa dzina: Admin ndibiseni chonde. Ndinamatitsa chitsakano cha m'munsi pa kachipatala kena ka mano pa boma pa Mangochi, zomatira zoyera zija amaumitsa ndi kanyali ka buluu. Ndalama ndinachita kukongola ku banki m'khonde, bambo a kunyumba mpaka lero akuti ndinadya ndalama ya feteleza. Ndinachokera ku Namwera m'mamawa, kudikira mpaka 11 koloko, mtsikana wa pa desiki ali pa foni basi, ngakhale moni. Pano ndikamwa madzi a mufiriji dzino likundilasa mpaka m'khutu. Ndi kutentha kunoku ndizimwa chiyani? Alamu anga akuti adokotala amayenera kuyala kaye kamankhwala pansi asanamate, akuti liner. Ndiye kuti anandibera?

Che Zulani: KAZULITSENI BASI MAYI. Ine anayi anachoka, chambo ndikudyabe mpaka mutu. Zomatazi ndi bizinesi.

Wa Mano ku Zomba: Mayi, mwamatitsa liti? Ndipo ululuwo umatha madzi akangodutsa kapena umatsalira? Composite, zomatira zoyerazo, ikamauma ndi nyali ija imakhwinyata pang'ono, komanso mkati mwa dzino muli timipata ting'onoting'ono tolowera ku mtsempha. Nchifukwa chake kumva kuzizira kwa masabata 2 mpaka 4 sikwachilendo.

Mayi a Mapasa: Ine nkhani ya bambowo ndi imene yandipweteka. Dzino ndi lanu, ngongole ndi yanu, iwo akudandaula chiyani? Anga anandinenanso chimodzimodzi nditagula magalasi a maso.

Mnyamata wa Kabaza: Achemwali muzimwa a pa mjigo masana, amatuluka ofunda kale, vuto latha.

Che Zulani: Masabata 4 munthu akuvutika atalipira? Achimwene a ku Zomba mukuikira kumbuyo anzanu.

Agogo a ku Malindi: Ine langa anamata ndi zakuda zija za siliva ana anga ali aang'ono, lero ndili ndi zidzukulu lidakalipo. Zoyerazi n'zokongoletsa chabe. Mwanawe phwanya aspirin uike padzinopo.

Namwino Wopuma: Agogo pepani, aspirin ayi. Amawotcha nkhama, ndaonapo zilonda zake. Mayi gulani mankhwala otsukira mano a Sensodyne kapena ena aliwonse okhala ndi potassium nitrate, muzitsukira kawiri patsiku, koma amatenga masiku kuti agwire.

Wa Mano ku Zomba: Za liner, alamu anuwo amva mbali imodzi. Timayala mankhwala otchedwa calcium hydroxide kapena glass ionomer bowo likakhala lakuya, lafika pafupi ndi mtsempha. Pa bowo wamba sitiyala, ndipo kuyalako sikuti kumathetsa kumva kuzizira. Sanakubereni pamenepo.

Che Zulani: Mwamva? "Timayala." Ndi gulu limodzi awa! Mphwanga anamatitsa, tsaya linatupa ngati mpira, mapeto ake anazulabe. Analipira kawiri.

Mayi a Mapasa: Che Zulani, mukafika zaka 60 muzidzangomwa phala.

Che Zulani: Phala ndi chakudyanso amayi.

Mphunzitsi wa ku Monkey Bay: Langa linkawawa ndikaluma basi. Ndinabwerera, anandilumitsa kapepala ka buluu, anapeza kuti chomatacho chinatalika pang'ono. Anapala mphindi zochepa, osalipira. Koma msewu wake wobwerera, Mulungu yekha.

Namwino Wopuma: Likamawawa lokha usiku, kapena ndi tiyi wotentha ululu n'kukhalitsa, kapena mwatupa, musadikire za pagulu pano, pitani mawa lomwe. Pamenepo mtsempha wadwala.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Mayi a Mapasa mwanena zoona, apongozi anganso alowererapo, akuti kwawo dzino amangosuta ndi mankhwala mbozi n'kutuluka. Ndiye Sensodyne amagulitsa zingati?

Wa Mano ku Zomba: M'dzino mulibe mbozi mayi. Koma ndafunsa kale, mwamatitsa LITI?

Che Zulani: Kaya liti kaya liti, ZULANI.