Exit Glacier mu July, anthu 10, malo osabukitsika

wa_mahema: Anzanga ndithandizeni, mutu wazungulira. Ndili ndi gulu la anthu 10, masiku awiri ku Seward, ku Alaska, pakati pa July. Mtsogoleri wawo wapeza pa intaneti kuti ku Exit Glacier, mu Kenai Fjords National Park, kuli campground yaulere, ndiye akuti ndichotse ndalama ya malo ogona pa quotation. Koma paja sabukitsa. Ndege ikutera ku Anchorage masana, kutenga van, kugula zakudya, ku Seward tifika cha m'ma 7 madzulo. Ndiike mu itinerary kapena ndimukanize?

mayi_wa_mabuku: Achimwene, 7 madzulo mu July mwachedwa kale. Ma site alipo 12 okha, wofika koyamba ndiye mwini, ndipo mu July ndi August amadzaza dzuwa likadali pamwamba. Musanyengedwe ndi kuwala, kumeneko dzuwa limalowa cha m'ma 11 usiku. Anthu 10 ndi matenti anayi kapena asanu, ndiye simukusaka site imodzi. Anchorage mpaka Seward ndi ma mile pafupifupi 125, maola awiri ndi theka osaima. Msewu wa ku glacier (mtsinje wa ayezi uja), Herman Leirer Road, umapatuka pafupi ndi mile 3 ya Seward Highway, kenako ma mile 8 ndi pang'ono. Gonani ku Anchorage usiku woyambawo, munyamuke m'mamawa, mufike anthu akupasula matenti.

chidule: Funso langa ndi limodzi. CUA muli nayo? Aliyense wolandira ndalama potsogolera anthu m'paki ya National Park Service amafunika Commercial Use Authorization, chilolezo chochitira bizinesi m'pakimo. Malowo ndi aulere kwa mlendo, osati kwa bizinesi yanu.

wa_mahema: Akulu, za pepala ndazimva. Ine ndikufunsa zogona.

mnyamata_wa_zingwe: Mukapeza malo, dziwani kuti ndi walk-in. Van imatsala poimika magalimoto, katundu pamutu mpaka pa site. Kugona m'galimoto saloleza, ndiye musamati zikavuta ena agona mu van. Madzi ndi a pa mjigo, zimbudzi ndi zokumba, bafa kulibe, magetsi otchajira foni kulibe, netiweki yosadalirika. Auzeni asananyamuke kwawo.

Chachikulu ndi chakudya. Kuphika kapena kusunga chakudya pa site ndi koletsedwa, zonse zimachitikira m'shedi ya onse yomwe ili ndi posungira. Si mpunga ndi nyama zokha: mankhwala otsukira mano, sopo, mafuta odzola, zinyalala, mapoto osatsuka, chilichonse chonunkhira. Zimbalangondo zakuda zimayendayenda kumeneko. Pomwe magulu amalakwitsa ndi apa: wina amabisa bisiketi m'thumba la jekete kuti adye usiku, wina amapukutira manja a mafuta pa buluku n'kukagona nalo. Musanagone yenderani tenti iliyonse ndi thumba, aliyense akhuthule matumba ake. Akwiya, koma chitani.

chidule: Ranger akafika pa shedi paja n'kupeza munthu mmodzi akuphikira anthu 10 n'kumawerenga mitu, afunsa kuti ndinu ndani. Muyankha chiyani? Ndabwereza, CUA.

mayi_wa_mabuku: Akulu a chidule akunena zoona ngakhale akutopetsa. Koma ndionjeze za ndege. Bear spray (mankhwala opopera chimbalangondo chikakuyandikirani) ndi timabotolo ta gasi wa sitovu sizikwera ndege, kaya m'chikwama cha m'manja kaya chachikulu. Mugule ku Anchorage kapena ku Seward, ndipo pobwerera muzisiye. Anthu 10 masiku awiri, tengani timabotolo ta 230 g tinayi kapena tisanu ndi masitovu awiri. Sitovu imodzi, womaliza amamwa tiyi ena atamaliza kale kutsuka mbale. Bear spray ikhale palamba, osati pansi pa chikwama, ndipo si yopopera tenti ngati mankhwala a udzudzu.

mnyamata_wa_zingwe: Za kuzizira musaone kalendala. Mpweya wozizira umatsetsereka kuchokera ku Harding Icefield, chipale chachikulu cha ayezi kumtunda kwa glacier, kutsata chigwa, ndipo Seward ndi malo a mvula. Tenti ikhale ndi flysheet (nsalu yakunja yotchinga mvula) yofika pansi, zingwe zonse zikokedwe, osati zinayi za m'makona zokha. Flysheet ikakhudza nsalu ya mkati madzi amadutsa. Chinsalu choyala pansi chisatulukire kunja kwa tenti, chikatulukira chimakolola mvula n'kuilowetsa pansi pa anthu. Sleeping bag ya comfort 0°C, ndipo pansi mphasa ya R-value (muyezo wa mphamvu yotchinga kuzizira) 3 kupita m'mwamba, chifukwa kuzizira kwambiri kumachokera m'nthaka. Ma jini ndi zovala za thonje zisiyidwe, zikanyowa siziuma. Zikhomo tengani zapadera, nthaka ya miyala imazipinda.

gogo_wa_mapiri: Ana inu, china chomwe simunanene. Mlendo akamva kuti "pafupi ndi glacier" amaganiza kuti atsegula zipi n'kugwira ayezi. Ayi. Ayezi anabwerera m'mbuyo kutali, m'mbali mwa msewu ndi njira muli zikwangwani za zaka, 1815, 1917 ndi zina, zosonyeza pomwe ankafika. Kuchokera pa campground muyenda ndithu. Ndipo kumunsi kwa glacier osayandikira, zibuma za ayezi zimagwa osachenjeza. Ngati akufuna Harding Icefield Trail, ndi ma mile 8.2 kupita ndi kubwera, kukwera mapazi pafupifupi 1,000 pa mile iliyonse, maola 6 mpaka 8. Kanyumba kali kumtundako ndi kothawiramo nyengo ikaipa, si kogonamo.

wa_mahema: Ndiye tikapeza ma site onse atadzaza?

mayi_wa_mabuku: Ndalama yogona isachoke pa quotation. Bukitsani malo olipira mumzinda wa Seward, ma campground a m'mphepete mwa nyanja aja, ngati chothawira. Mukapeza aulere, mwataya ndalama ya site basi. Koma kubwerera ma mile 12 usiku ndi anthu 10 anjala, opanda pogona, mu July, ndiye zina.

chidule: Ndipo inshuwalansi yanu ikamva kuti munalowa m'paki opanda CUA, wina atathyoka mwendo ku Harding, idzalipira?

mnyamata_wa_zingwe: Kodi van yake ndi ya mipando 12 kapena 15? Chifukwa ya 12, anthu 10 ndi matenti asanu ndi ma cooler, katundu sakwana.