Kodi "apechugar" ndi kulimba mtima kapena kungovomera?

Mtengwa wa ku Valencia: Abale, ndikuphunzira Chisipanishi kuno kubanja. Dzulo tikukamba za ngongole ya nyumba, ndinagwiritsa mneni "afrontar", amene m'kalasi anati ndi kuyang'anizana ndi vuto. Apongozi anga anapukusa mutu nati ayi, apa mpofunika "apechugar". Chomwe ndikudziwa n'chakuti "pechuga" ndi chidali cha nkhuku. Nanga chidali chikugwirizana bwanji ndi ngongole?

Mphunzitsi wopuma: Mayi, zaonekeratu. "Afrontar" achokera ku "frente", mphumi. "Apechugar" achokera kuchifuwa. Ndiye kuti kutulutsa chifuwa, kuima nji, vuto likupeze uli chilili. Agogo anga ankati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndi zomwezo basi.

Mlongo wa ku Lunzu: Ine mwandikumbutsa agogo anga aakazi. Ankatisimbira za njala ya 1949, m'mene analandirira ana atatu a mchemwali wawo, iwo eni m'nkhokwe mulibe kanthu. Ankati, sindinafune, koma ndikanawapirikitsira kuti? Mawu awo anali "kusenza". Sindinawamvepo akudzitcha olimba mtima.

Mtengwa wa ku Valencia: Achemwali, mwina mwalasa. Apongozi ponena anausa moyo, sanaoneke ngati munthu wopita kunkhondo. Ndaonanso mu dikishonale ya Real Academia Española, bungwe loyang'anira Chisipanishi, akuti ndi kusenza udindo kapena chinthu chosakoma chomwe sunachifune. Ndipo amati "apechugar con", ngati katundu amene wakukakamira.

Mphunzitsi wopuma: Dikishonale inene zake, koma chifuwa n'chifuwa. Munthu wamantha katundu wotere amamutula panjira. Agogo a ku Lunzuwo anatulutsa chifuwa, kaya iwo ankati kusenza.

Mjomba wa ku Chipata: Aphunzitsi, mwambi wanuwo ukunena za munthu wamkulu amene mavuto a pamudzi amagwera pa iye. Wa ngongole ndi wina: walira mvula walira matope. Nyumba munaifuna, ngongole ndiye matope ake. Ambuya ankatinena choncho tikamadandaula ntchito ya kumunda chimanga tikuchifuna.

Mphunzitsi wopuma: Matopewo umawaponda ndi chiyani ngati mtima uli wofooka? Ine sindisuntha.

Mlongo wa ku Lunzu: Chondiwawa n'chakuti ana athu zonsezi sazidziwa. Mwana wanga akungoti "ndili ndi machalenji", "ndili pa sitiresi". Kupirira, kusenza, kulimbana, kuvomera, mawu anayi osiyana, iye wawaphatikiza onse kukhala amodzi achingerezi. Nditamuuza mwambi wa nkhonya uja anandifunsa kuti akumenyana ndani.

Mjomba wa ku Chipata: Kwathunso n'chimodzimodzi. Koma tisawanamizire okha, ndani anakhala nawo pansi madzulo n'kuwaphera mwambi?

Mtengwa wa ku Valencia: Ndawafunsanso apongozi ngati ndi kulimba mtima. Angogwira pachifuwa, n'kupitiriza kusenda mbatata.

Mphunzitsi wopuma: Mwaona? Pachifuwa!