Ndigule Starlink ya pa loji, kapena ndalamayi ipite kwina?

Naphiri (Chembe): Mwaswera bwanji nonse? Ndithandizeniko nzeru. Ndalama ya banki mkhonde ndilandira kutha kwa mwezi uno, ndiye mwana wanga wandiumirira kuti ndigule Starlink, intaneti ya pa setilaiti yolandirira pa dishi, ndiike pa loji. Akuti achinyamata a masiku ano amayamba afunsa Wi-Fi asanafunse za bedi. Kufunsako amafunsadi, mafoniwo ndimayankha ndine. Koma zipinda ndili nazo zisanu ndi chimodzi zokha ndi kabwalo ka matenti. Kodi chinthuchi chidzabweza ndalama yake, kapena ndingogula chokongoletsa denga?

Abanda (Nkhata Bay): Gulani mayi, musazengereze. Starlink inafika m'dziko muno mu Julaye 2023, ine ndinayamba ndaonerera kwa anzanga kenako n'kuika. Alendo amene ankagona masiku awiri pano ena akumatha masabata atatu. M'mawa ali pa laputopu, masana ali m'madzi. Munthu wotere safuna chipinda chapamwamba ayi: tebulo, soketi, mthunzi ndi khofi, basi. Chachikulu n'chakuti amakhalapo Lolemba mpaka Lachinayi, masiku amene kale tinkangoyang'anizana ndi ophika.

Nangondo (Lilongwe): Pepani ndilowererepo monga mmodzi wa achinyamata akunenedwawo. Abanda akukamba za azungu a zikwama kumsana, koma amene timadzaza malo anu Loweruka ndife. Timasonkherana anthu khumi ndi anayi, kuchita hayala minibasi, kunyamula nyama yathu, zakumwa zathu ndi sipika. Bandulo timakhala nayo kale m'foni. Ine ndikamasankha malo ndimafunsa: chimbudzi n'chaukhondo? Pali mbaula ndi firiji? Tingaphike tokha? Ndilipira pa Airtel Money kapena Mpamba? Ndipo kodi simudzatizimitsira nyimbo 9 koloko? Wi-Fi imabwera pambuyo pa zonsezo, amayi.

Ankhoma (Zomba): Mwamumva mwanayo? Ine ndagwira ntchito m'mahotela zaka zambiri ndisanapume. Nthawi yathu mlendo amadya chimene mwaphika, kumwa pa bala panu, ndipo ndalama yeniyeni inkachokera ku misonkhano ya maofesi. Awa akubwera ndi nyama yawo ndi mowa wawo. Mukawapatsanso intaneti yaulere, inu mudya chiyani? Komanso ndifunse, munthu wachoka ku Lilongwe mpaka kwanu ku Cape Maclear, malo amene boma linawateteza mu 1980 ndipo UNESCO inawalemba mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna zija, n'kukafika n'kumayang'ana foni? Akwere boti apite ku Thumbi kapena akasambire ku Otter Point.

Nangondo (Lilongwe): Bambo, ku Thumbi timapita ndithu, ndipo a boti timawalipira. Koma kavidiyo kamene ndimaika pa TikTok ndili m'botimo ndi kamene kamakubweretserani gulu lina sabata yotsatira. Malo onse amene ndinagonako chaka chino ndinawaona pa Instagram kapena pa sitetasi ya mnzanga. Chikwangwani cha pamsewu sitiwerenga ife.

Abanda (Nkhata Bay): Ndiye mwandithandiza kunena, chemwali. Kavidiyoko katumizika bwanji netiweki ikamavuta? Pa Tsiku la Anakubala, 15 Okutobala, anthu akadzadza kunyanja aliyense ali pa foni, uthenga wa WhatsApp weniweniwu umachita kukwawa.

Amwale (Mangochi): Ine ndimaika masola, ndiye ndikambe za magetsi poti aliyense akuzidumpha. Dishiyo imadya mawati pakati pa 50 ndi 100 malinga ndi mtundu wake. Titenge 75, usana ndi usiku, ndiye kuti mayunitsi pafupifupi awiri pa tsiku. Magetsi akazima nayonso yazima, pokhapokha muli ndi batire ndi inveta. Mlendo amene mwamulonjeza intaneti ndiye n'kumuzimira ali pakati pa msonkhano wa pa Zoom amakwiya kuposa amene simunamulonjeze kanthu. Chachiwiri, imafuna kumwamba koyera, popanda nthambi. Mvula yamphamvu ikamagwa imadukizadukiza. Chachitatu, rauta imodzi (kabokosi kofalitsa Wi-Fi) singaboole makoma a njerwa a zipinda zisanu ndi chimodzi, mudzafunika kugula zina zowonjezera. Ndiye mtengo umene mwana wanu wakuuzaniwo ndi wa dishi yokha, mayi. Muwerengere kawiri.

Naphiri (Chembe): Iii, Amwale, za batirezo sanandiuze. Sola ndili nayo koma ndi ya mababu ndi kutchajira mafoni basi. Ndipo pakati pa bwalo pali mtengo wa mango waukulu, ndi umene alendo amakhala pansi pake.

Nambewe (Johannesburg): Ine ndili mbali ya Abanda, koma pang'ono. Ndikabwera kumudzi mu Disembala ntchito imanditsatira, ndiye ndimasungitsa malo pa Booking.com kapena Airbnb, ndipo ndimawerenga zimene anthu alemba. Akangoti intaneti ndi yovuta, ndadutsa. Chaka china ndinagona pa loji ina imene inalemba kuti ili ndi Wi-Fi, kufika n'kupeza ndi kafoni ka mlonda. Sindinabwererekonso. Komabe Naphiri, kumbukirani kuti pali kulipira mwezi ndi mwezi. Mu Febuluwale mvula ili pakati, zipinda zili mbee, biluyo ibwerabe. Ndipo katundu wochokera kunja amatsata dola. Tonse tinaona mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti mmene mitengo inadumphira.

Ankhoma (Zomba): Eya, pamenepo ndiye pa nkhani. Ndalama ya ngongole sagulira chinthu chofunanso kudyetsedwa mwezi uliwonse.

Abanda (Nkhata Bay): Achimwene, nanga firiji siidya magetsi mwezi uliwonse? Ine ndinakweza pang'ono mtengo wa chipinda, ndipo obwera kudzangokhala masana amagula chakudya kuti ndiwapatse pasiwedi. Biluyo imatuluka m'menemo.

Naphiri (Chembe): Kwanuko mwina n'kosiyana, Abanda, inu Ilala imakutsitsirani alendo a ku Likoma ndi Chizumulu pakhomo. Ine ndatsegula buku langa la alendo pompano. Mwa anthu khumi, asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu ndi a konkuno, a Lachisanu mpaka Lamulungu, ofanana ndi Nangondo. Ndiponso madzi atakwera mu 2024 anandidyera mchenga wonse wa kutsogolo, ndalama yambiri inathera pa khoma. Yoseweretsa ndilibe.

Nangondo (Lilongwe): Ndiye mangani kakhitchini ka alendo, amayi, muike firiji ndi mbaula ziwiri. Muzitilipiritsa pa gulu, makala tizigula kwa inu, chambo ndi kampango mukatipezere kwa asodzi m'mawa muikepo yanu. Sitidzadandaula. Chimene timakana ndi kudikira mbale ya tchipisi maola awiri.

Ankhoma (Zomba): Ndipo aliyense wobwera ndi mowa wake azilipira ya botolo. M'mahotela timatero kuyambira kale.

Nangondo (Lilongwe): Aaa bambo, mwayambanso!

Naphiri (Chembe): Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Ndiyamba ndi batire ndi khitchini. Kuyambira lero aliyense wofunsa Wi-Fi ndizilemba m'buku, ndi masiku amene amafuna kukhala. Ikafika Epulo mvula itatha ndidzawerenga, akachuluka ndidzagula. Mwana wanga wawerenga zonsezi pa foni yanga ndipo watuluka osalankhula. Amwale, mungabwere Loweruka mudzaone za batirezo?

Amwale (Mangochi): Ndifika cha m'ma 10. Ndidzayezeratu ndi foni pamene dishi ingadzakhale, mwina padenga la bala. Koma ndikuuziranitu, ikakana pamenepo nthambi zina za mango zidzafunika kugwa.

Naphiri (Chembe): Mango aja anadzala ndi malemu amayi anga. Muyeze kwina.