H-alpha yopyapyala: tilembe IIn pomwepo?

Nthanda: Akuluakulu, ndithandizeni. Spectrum (kuwala kogawidwa m'mitundu yake) ya supernova (nyenyezi yophulika) yongopezeka kumene ikaonetsa mzere wopyapyala wa haidirojeni wotchedwa H-alpha pa 6563 Å (muyeso wa kutalika kwa funde la kuwala), kodi ndi zokwanira kuilemba IIn (mtundu wa supernova yomwe ikugundana ndi mpweya wa haidirojeni woizungulira) pa TNS (Transient Name Server, kaundula wa pa intaneti wolembamo ma supernova atsopano)? Nanga mtundu wina wotchedwa Ibn umasiyana pati?

Kadzidzi: Musafulumire a Nthanda. Yambani mwatsimikiza kuti mzerewo ndi wa supernova, chifukwa mpweya wa mlalang'amba womwe nyenyeziyo ilimo umatulutsanso H-alpha yopyapyala. Mukaona mizere ya nayitirojeni, [N II] 6583, ndi ya salufa, [S II] 6716 ndi 6731, ili pambali pake, kayikirani. Onaninso spectrum ya 2D: mzere ukapitirira m'mbali mwa slit (kampata kolowetsa kuwala mu chida) kupyola pamene pali supernova, ndi wa mlalang'amba.

Chachiwiri ndi chida. Gawani liwiro la kuwala ndi R, nambala yosonyeza mphamvu ya chida yosiyanitsa mizere yoyandikana. Chida cha R ya 100 sichingasiyanitse chilichonse chochepera makilomita 3,000 pa sekondi, pamene mpweya womwe nyenyezi inataya isanaphulike umayenda mwina makilomita 100 pa sekondi. Pamafunika R ya 3,000 kapena kuposa. IIn yeniyeni masiku oyamba imakhala ndi nsonga yopyapyala yokhala pa tsinde lotambalala mofanana mbali zonse, chifukwa kuwala kumagundagunda ma electron mu mpweya wothithikana.

Chiphaliwali: Zoona, koma spectrum imodzi siyokwanira. SN 2023ixf ya mu mlalang'amba wa M101, yomwe Koichi Itagaki anaipeza pa 19 May 2023, inali ndi mizere yopyapyala ya haidirojeni ndi ya hiliyamu (He II 4686), koma patangotha pafupifupi sabata inazimiririka. Mpweya wothithikanawo unali pafupi kwambiri ndi nyenyezi, zophulikazo zinaukokolola msanga, n'kutsala supernova wamba ya Type II, osati IIn. Pamene SN 2010jl ndi SN 1988Z, zomwe ndi IIn zenizeni, zinapitiriza kugundana ndi mpweya kwa zaka. Choncho sabata yoyamba jambulani usiku uliwonse ngati nthawi ya telesikopu ilipo, kenako muzitalikitsa. Pakapita miyezi, mzere ukayamba kufooka mbali yofiira ndipo kuwala kwa infrared (kopitirira kufiira, kosaoneka ndi maso) kukukwera, ganizirani za fumbi latsopano lomwe likubisa mpweya wa kuseri.

Kadzidzi: Za Ibn: mizere yopyapyala ndi ya hiliyamu, He I 5876, 6678 ndi 7065, haidirojeni palibe kapena ndi yofooka. Chenjerani ndi 5876, ili pafupi ndi mzere wa sodiyamu, Na I D, musadalire wokhawo. Chitsanzo cha Ibn ndi SN 2006jc, yomwe inawala kwakanthawi mu 2004 isanaphulike. Ma Ibn amazirala msanga, mukachedwa mwaluza. Mtundu wina, Icn, monga SN 2019hgp, uli ndi mizere yopyapyala ya kaboni ndi okosijeni.

Chiphaliwali: Yovuta kwenikweni ndi Ia-CSM, monga SN 2002ic: supernova ya mtundu wina wotchedwa Ia yomwe ikugundana ndi mpweya woizungulira. Kunja imaoneka IIn, koma pansi pa kuwala kwa kugundanako pabisala spectrum ya Ia, ndipo SNID, pulogalamu ya kompyuta yozindikira mtundu wa supernova, ikhoza kukusocheretsani. Polemba pa TNS tchulani tsiku, chida ndi R, kuti wobwera pambuyo adziwe ngati mzerewo munaupimadi kutambalala kwake.