Munda wa Fomu 3 wandibweretsera mkangano

Mphunzitsi wa ku Chingale: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni maganizo. Ana anga a Fomu 3 anabzala chimanga cha makolo ndi cha haibulidi m'munda wa sukulu. Takolola, haibulidi yapambana kutali. Mu lipoti alemba kuti mbewu za makampani akunja ndi zabwino kuposa zathu. Tsopano kalasi yagawikana, ena akuti tinagulitsa dziko. Ndichonge bwanji?

Madamu a ku Domasi: Aphunzitsi, feteleza anathira mbali zonse?

Wa ku Chingale: Ayi madamu. Anali wochepa, ndiye anangothira kwa haibulidi. Ya makolo anaibzala kumtunda, pafupi ndi mitengo ya bulugamu, patapita sabata.

Madamu a ku Domasi: Ndiye vuto lili pomwepo. Anasintha zinthu zinayi nthawi imodzi: mbewu, feteleza, malo ndi tsiku lobzala. Mwana sanganene kuti chakolotsa ndi chiti. Bulugamu yekhayo amamwa chinyontho moti chimanga cha pafupi chimapinimbira ngakhale mbewu ikhale yabwino chotani. Ine ma variable ndimawauza motere: chimodzi umasintha dala, chimodzi umayeza, zina zonse uzigwire zisasunthe. Apa chosintha chikhale mbewu basi. Mizere itayane masentimita 75, mapando 25, njere imodzi pa phando, kupalira tsiku limodzi.

Wa ku Thondwe: Ndionjezere. Ndime imodzi pa mbewu iliyonse siyokwana. Onani momwe amachitira kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Makoka, amabwereza timandime tingapo n'kutisakaniza, kuti nthaka ya mbali imodzi isakondere mbewu. Komanso anayeza chiyani? Ngati anawerenga zisononkho, abwerere. Aumitse, atonole, ayike pa sikelo. Ndipo ngati nthawi ilipo ayezenso pokonola. Chimanga cha makolo n'cholimba, sichiphwanyika mumtondo, anankafumbwe sachilowa msanga. Amayi kumudzi amayang'ana zimenezo.

Wa ku Chingale: Zamveka. Nanga za kugulitsa dzikozi? Mwana amene anayambitsa sananame kwenikweni, n'chifukwa chake zandikhudza.

Wa ku Malosa: Sananame, koma funso lake munda sungayankhe. Mbewu ya Dekalb ndi ya Bayer ya ku Germany, yomwe inagula Monsanto mu 2018. Seed Co inayambira ku Zimbabwe. Ngakhale shuga wa ku Nchalo ndi Dwangwa, gawo lalikulu la Illovo lili m'manja mwa Associated British Foods, ngakhale Amalawi amagula masheya ake pa Malawi Stock Exchange. Phindu likamatuluka kunja ndi ndalama zakunja zomwe tikuzisowa kale, n'zoyenera kukambirana. Koma haibulidi si yakunja yokha. Haibulidi ya MH18 anaipanga akatswiri athu kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze. Ana anu asakaniza mtundu wa mbewu ndi mwini wa kampani ngati chinthu chimodzi.

Madamu a ku Domasi: Musawalepheretse. Apatseni malikisi pa kusunga kaundula, muwachotsere pa mfundo yomaliza, kenako aliyense alembe zinthu zomwe sanazigwire. Funso la MANEB lotere akadzalipeza sadzavutika.

Wa ku Chingale: Ndichita choncho. Nkhani ya umwini ndiipereka kwa anzanga a Social Studies, apange mtsutso Lachisanu. Mvula ikubwerayi tibwereza, mbewu zitatu. Bambo a ku Thondwe, mungandifunsireko ku Makoka komwe ndingapeze haibulidi yopangidwa konkuno?

Wa ku Thondwe: Ndidutsako Lolemba. Inu yambani kupeza malo otalikirana ndi bulugamu uja.